Mphutsi Zanga ndi Chinkhoswe cha Zainabu

Lolemba

Mabeseni anayi, mphutsi zonse zamoyo, mtima uli m'malo. Ndili kuno kwa azakhali, kufupi ndi doko, kudzamaliza kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri: kuweta mphutsi za ntchentche zakuda kuti nkhuku ndi nsomba za m'maiwe zizidya zimenezo m'malo mwa usipa. Usipa utsalire anthu, nyanja ipumeko. Papepala n'zokoma kwambiri moti polemba ine ndemwe ndinatsala pang'ono kulira.

Loweruka akubwera a Dokotala, ondiyang'anira ku yunivesite. Akapeza mphutsi zonenepa, ndimaliza chaka chino. Akapanda kuzipeza, ndibwereza.

Zochita sabata ino:
- kuyeza mphutsi pasikelo m'mawa uliwonse
- kuzidyetsa: beseni ili matumbo a nsomba, ili madeya a mpunga, ili mango owola, lomaliza zonse pamodzi
- kusawayankha azakhali

Azakhali asuzumira m'beseni. Akuti, "Sukulu yonse ija, iwe, n'kutibweretsera zimene ife timazithira phulusa kuchimbudzi?"

Chachitatu chija ndachikwanitsa. Movutikira.

Lachiwiri

Fungo! Mabuku amati mphutsi zimenezi ukamazisamala sizinunkha. Olemba mabukuwo adzabwere kuno nthawi ya dzuwa ino, ndidzawayalira mphasa pafupi ndi beseni la matumbo.

A Saidi, msodzi woyandikana nafe, aima kumpanda atagwira mphuno. "Salaam aleikum, mwana wa sukulu. Chafa n'chiyani kumeneko?" Ndawafotokozera bwinobwino kuti limeneli ndi tsogolo la dziko lathu. Akuti ngati tsogolo lake ndi limeneli, iwo atsala konkuno.

Ndipo lero m'pamene ndikumva kuti Loweruka lomwelo kuli chinkhoswe cha Zainabu, mwana wa azakhali. Pakhomo pompano! Akuchimuna akuchokera ku Dwangwa, minibasi yodzaza. Mudzi wonse ukudziwa kupatula ine, wofufuza.

Lachitatu

Abakha a azakhali aboola neti imene ndinaphimbira mabeseni. La mango layera ngati lotsuka. Abakhawo akuyenda chodzikoka, mimba zikukhudza pansi, manyazi alibe.

Azakhali: "Si umati n'chakudya cha ziweto? Ziweto zadya. Ukulira chiyani?"

Zoona. Kafukufuku wafika kwa alimi ine ndisanalembe mutu wachitatu. Ndi ophunzira angati ali ndi mwayi wotere?

Ndaimbira a Dokotala. Akuti, "Musadandaule, atatuwo akwanira. Sayansi imafuna kupirira." Kumbuyo kwa mawu awo ndikumva fani ikuzungulira mu ofesi. Nawonso akupirira.

Lachinayi

Linthumbu!

Kamvula kangowaza pang'ono, ilo latuluka mzere wakuda bii kuchokera kunthochi, molunjika beseni la madeya, ngati wina walitumizira uthenga. Ndathira phulusa. Ndathira madzi. Ndakuwa. Lina lakwera m'chitenje, ndipo zimene ndachita pamenepo sizilowa m'lipoti.

Amayi amene abwera kudzapeta mpunga wa chinkhoswe asiya malichero, akundiombera m'manja. Wina akuti, "Msiyeni, akuyeserera za Loweruka!"

Atsala mabeseni awiri.

Zimene zapezeka mpaka pano:
- abakha amakonda mphutsi
- linthumbu limakonda mphutsi
- linthumbu limakondanso ine
- sikelo ili bwinobwino, ikungosowa choyeza

Lachisanu

Azakhali andiitanira kuseri kwa khitchini, ndi mawu otsika aja amene amatanthauza kuti nkhani yatha kale. "Anthu asakanene ku Dwangwa kuti mwana wanga akuchokera pakhomo ponunkha. Amuna akamatuluka mumzikiti masana ano, zinthu zakozo zikhale zitachoka."

Ndayesa kunena kuti mphutsi sizifuna kusunthasuntha. Akuti nawonso safuna, koma wina asuntha ndithu, ndisankhe: ine kapena mabeseni.

Ndasenza. Beseni pamutu, mchenga ukuotcha, ntchentche zamtundu uliwonse zikundiperekeza ngati mkwatibwi. A Saidi andibwereka kachisakasa kawo kosungiramo maukonde kudoko. Akuti, "Siyani apa, mwana wa sukulu, palibe angagwire zimenezi." Munthu wabwino. Dziko likadali ndi anthu abwino!

Loweruka

Ndalawirira kudoko ndi sikelo yanga. Mabeseni onse awiri ali pamchenga, ovundikira, otsukidwa bwino. Kutsuka kokha ayi ndithu, anthu amadziwa.

A Saidi akubwera akumwetulira, kampango m'manja. "Zija n'zabwino, mwana wa sukulu! Anzanga a mbedza angoyesako pang'ono ngati nyambo. Nsomba sizikuchedwa! Muli nazo zina?"

Kampangoyo ndi wanga, akuti ndi zikomo. Ndamuyeza pasikelo. Sindikudziwa chifukwa chake.

A Dokotala afika chinkhoswe chili pakati, nsapato zowala, kope m'manja. Azakhali angoona galimoto basi, awakhazika kutsogolo pamodzi ndi ankhoswe. Ndisanatsegule pakamwa awapatsa madzi osamba m'manja. Mpunga, bakha. Inde, mmodzi mwa aja a Lachitatu. Awonjezera kawiri. Akuti, "Bakha wonona chonchi sindinadyepo. Mumawadyetsa chiyani?" Azakhali andiyang'ana. Ine ndayang'ana nyanja.

Avina, afupa, ajambulitsa ndi Zainabu. Atatsegula kale chitseko cha galimoto m'pamene akukumbuka: "Nanga mphutsi zija?"

Ndawaonetsa mabeseni anayi, osanjikiza bwino. Ayang'ana nthawi yaitali, akutokosa m'mano. "Tikambirana mawa."

Zainabu anatchena, zimenezo sindingakane. Azakhali alira ndi chimwemwe. Pakhomo panunkhira utsi ndi anyezi tsiku lonse.

Lamulungu

Pabwalo pali zii, mipando yobwereka yaunjikidwa pansi pa mango. Mabeseni anga azakhali anyikamo mbale.

Uthenga wa a Dokotala wafika pafoni: "Zikomo chifukwa cha phwando, mupereke moni kwa azakhali. Zimene zachitikazi nazonso ndi phunziro. Muyambirenso, koma mphutsi zikuoneka kuti kumeneko zili ndi adani ambiri. Yesani nkhululu."

Nkhululu. Zoimba osatopa zija.

Ndiye chaka china ndili konkuno. Ndawauza azakhali ndili chapatali, kukonzekera kuthawa. Sanakalipe ayi. Asiya mbale, apukuta manja pachitenje, nkhope yawala koyamba chifikireni changa.

"Nkhululu? Apo tsopano wayamba kuphunzira zanzeru. Uziwete zambiri, mwana wa achimwene. Zokazinga ndi kamchere, ine ndimatha mbale ndekha."