Zikwama za Madamu, Chitenje cha Amayi

Lolemba, 9 Juni

Mwayi wandipeza pakhonde! Ndili pa makina anga osokera pamsika wa Mitundu, paima galimoto. Atsika madamu a ku tauni, eni shopu yogulitsa zinthu kwa azungu. Akufuna zikwama makumi awiri zosoka ndi nsalu zakale zokhazokha, pofika Lachisanu. Chilichonse adzamangirirapo kapepala kobiriwira kakuti nsaluyo yapulumutsidwa kudzala. Akuti tikusamalira chilengedwe. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuphatika zigamba n'kumayesa ndi umphawi, kani ndine katswiri!

Lachiwiri, 10 Juni

Zigamba zanga zangokwana zikwama zisanu ndi ziwiri. Ndikuyenda khomo ndi khomo kupempha zitenje zakutha. Ndapeza:
cha chipani chomwe chinagwa kalekale,
cha ukwati womwe unatha,
china chofunditsira fodya, chongoyetsemulitsa.

Mu sutikesi muli chitenje cha malemu amayi, chabuluu, chomwe ankandiberekera. Juni aliyense ndimachifunda ndikawasowa. Chimenecho ayi. Sindichikhudza.

Lachitatu, 11 Juni

Mbiri yawanda. Nachisale, neba wanga, sanza imene dzulo amapukutira mapazi lero waichapa, waipinda. "Iyi ndi ya azungu, amayi, si yaulere." Wopanda manyazi! Ndakwera kabaza mpaka ku Nathenje kwa mlamu wanga, fumbi m'kamwa. Nakonso foni yanditsogolera kale. "Alamu, sanza masiku ano n'zosowa." Zosowa! Munthu amene nkhuku zake zimaikira mazira pa sanza.

Lachinayi, 12 Juni

Zikwama khumi ndi zisanu ndi zinayi zatheka. Chatsala chimodzi, ndipo nsalu ndilibe. Madamu pafoni: "Zikapanda kukwana musadzandionenso. Atelala ndi ambiri."

Ndatsegula sutikesi. Ndatseka. Ndatsegulanso.

Ndadula. Sizasi yadutsa mosavuta ngati siidziwa kanthu. Ndikusoka ndikulira. Amayi, mundikhululukire.

Lachisanu, 13 Juni

Madamu abwera ndi wojambula zithunzi. Andivulitsa nsapato, andikhazika pansi pa mtengo wa mango, singano m'manja. Makina akuti asaoneke. Ndimwetulirenso! Atatha izo ayamba kununkhiza zikwama chimodzichimodzi.

"Zikumveka utsi. Makasitomala anga amafuna zakale, koma zooneka bwino."

Cha amayi achinyamula ndi zala ziwiri. "Ichi ndiye chasuluka mopitirira."

Chinasuluka ndi dzuwa la kumunda, madamu, ine ndili kumsana kwa amayi! Ndatero mumtima. Zikwama zonse azisiya, zithunzi atenga. 

Loweruka, 14 Juni

Galimoto yabweranso. Zitenje zatsopano, zikadali m'mapulasitiki. Malangizo ake: ndidule tizidutswa, ndichape, ndiyanike padzuwa, ndilumikizenso. Kapepala kobiriwira ndi komweko.

"Ogula akafuna chinthu, ife timamvera," atero madamu.

Kung'amba nsalu yabwinobwino kuti inamizire kukalamba! Anthu ogula amenewa akufuna umphawi wonunkhira sopo. Ndikufuna kuwaponyera sizasi madamuwo. Ndavomera. Ana anga sadya mkwiyo.

Lamulungu, 15 Juni

Nyenyeswa za nsalu zatsopano zadzaza thumba. Ndazitentha kudzala m'mawa, utsi wakuda bii, fungo la pulasitiki mudzi wonse. Chilengedwe chapulumuka.

Nachisale wabwera ndi sanza zina, akuti watsitsa mtengo. Ndamuuza akapukutire mapazi.

Kutchalitchi ndanyamula Baibulo m'chikwama chabuluu. Mayi wina wachigwira n'kuti, "Kusoka mumatha, koma bwanji osagula nsalu yatsopano?" Ndangoti zikomo.

Mawa ndiyamba kulumikiza tizidutswa ta madamu. Mphepo ya Juni yafika pachimake. Ndatsegula sutikesi mwachizolowezi, mulibe kanthu. Chikwama sachifunda.