Mbuzi ya a Zimba

Lolemba
Mwendo ukupola. Chikhakha anachotsa, koma ndikuyendabe ndi ndodo. Anandithyola ndi a Zimba ndi ngolo yawo, ine ndili pa njinga kupita kukayendera nazale za fodya kuno ku Mphamba. Poti ndinali pa ntchito yanga ya ulangizi, ofesi ya chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito inandilipirira zonse, chipatala ndi masiku amene ndakhala pansi.
Lero a Zimba abwera akukoka mbuzi yaikazi, yonenepa bwino. "Phepani chomene, adada. Iyi ni ya chipepeso." Ndalandira ndi manja awiri. Ndasangalala, sindinama.
Mapulani:
khola kuseri kwa nyumba
ana awiri chaka chino
mbuzi zikachuluka, ng'ombe
kenako ngolo yangayanga, yoyendetsa munthu wamaso
Mkazi wanga, amake Tisa, akuti ndiyambe ndagula chingwe.

Lachiwiri
Mayi wa ku ofesi ija wabwera kudzaona mwendo. Mwendo wauona pang'ono, mbuzi wayiona kwambiri, chifukwa imamutafuna lamba wa chikwama. Wafunsa kuti n'njayani. Ine pakamwa panga sipasunga kanthu, ndafotokoza zonse, monyadira.
"Ba mlangizi, sitidya kuwili. Ife tinakulipilani kale. Ngati wokupwetekani naye walipila, icho chibwelele ku ofesi."
Ndati iyi si malipiro, ndi ulemu. Akuti ulemu wa miyendo inayi uli ndi mtengo wake. Walankhula mofatsa, mpaka ndasowa pokwiyira. Mitengo ya khola ndinali nditadulitsa kale.

Lachitatu
Nzeru yabwera m'mawa. Mbuzi ibwerere kwa mwini wake mwakachetechete, nkhani ikazizira ndikaitenge. Ndatuma uthenga kwa a Zimba. Abwera okha, chipewa chili m'manja, nkhope yagwa.
"Yayi, adada. Mbuzi ya chipepeso sibwelela. Mukaibweza ndiye kuti mwakana kutikhululukila."
Ndayesa kufotokoza za ofesi. Iwo angomva zoti ndikadali ndi mkwiyo. Ndalumbira kuti ndilibe nawo chifukwa, ndawapatsa tiyi ndi mbatata, ndawaperekeza mpaka pa msewu. Mapeto ake wopepesa ndakhala ine. Mbuzi yadya mpiru wonse wa amake Tisa.

Lachinayi
Chabwino, ofesi ikufuna mbuzi, ilandire mbuzi. Takwera minibasi ya ku boma, ine, ndodo ndi iyo. Kondakitala wailipiritsa ngati munthu, chonsecho yakhala pamiyendo panga njira yonse, mwendo wovulala womwewo.
Ku ofesi mlonda akuti ziweto sizilowa. Mayi uja watuluka, akudziletsa kuseka. "Mbuzi tilibe poilembela. Mukagulitse, mubweletse ndalama."
Ndafunsa ngati angandibwezere ya minibasi. Wandifunira ulendo wabwino.
Zimene ndapindula lero: fumbi, fungo, ndi buluku lofunika kuchapa kawiri.

Lachisanu
Tsiku logulitsa. Ndaikokera pa msika wathu. Anthu akuigwira msana, akuiyamikira, akafunsa kuti yachokera kuti akuchotsa dzanja. Wowotcha nyama, amene amagula ngakhale mbuzi yotsokomola, wapukusa mutu. "Iyi ni ya mlandu. Ningaigule bwanji a Zimba ali pompano?"
Pobwerera yadula chingwe. Yalowa m'munda wa mtedza wokumba kale, ine pambuyo. Ndaithamangitsa mpaka kudambo, ndaigwira mwendo, ndipo m'pamene ndazindikira kuti ndodo ndaisiya pa msika. Ndathamanga! Mudzi wonse waona. Azimayi a pa mjigo mpaka kuwomba m'manja.
Amake Tisa akuti aka n'koyamba kundiona ndikuthamangira chinthu chosapsa.

Loweruka
Mbiri yafika kwa a Zimba kuti mlangizi wachira. Kusanatenthe afika pakhomo, iwo, akazi awo, abale awo, mpeni, nkhuni ndi mabeseni. Ndafunsa kuti kwagwanji.
"Mwachila, adada. Lelo tidyele pamodzi, mlandu uthe."
Kani mwambo wake ndi umenewu. Mbuzi ya chipepeso si yoweta ayi. Imangodikira wovulala aimirire, kenako mabanja awiri aidye. Ine mlendo wa ku Chipata ndimayesa andipatsa chuma. Amake Tisa akuti anamva kale pa mjigo, koma sanafune kundidula mapulani ndili wodwala.
Ndikanakana bwanji, anthu atanyamula kale ndi mchere womwe? Mitengo yanga ya khola ndiyo yawotchera nyama. A Zimba alankhula mawu abwino kwambiri, misozi ili m'maso, ndipo inenso zandikhudza. Monga mwini mwendo, andipatsa chiwindi. Zina zonse zayenda m'mabeseni.

Lamlungu
Ku tchalitchi ndapita wopanda ndodo. A Zimba andisungira malo pa benchi yawo, akuti tsopano ndife pachibale. Anthu abwino, ndipo mtima wanga ulibe nawo kanthu. Chimene chikundiwawa n'chakuti ofesi nayo sinalakwe. Palibe woti ndimukwiyire, ndangokhala pakhonde kuyang'ana phulusa.
Amake Tisa awerengera, akuti malipiro a mwezi uno akwanira, bola tiiwale za shuga. Mawa ndikwera minibasi ndekha, ndikalipire mtengo wa mbuzi yathunthu. Ndadyako chiwindi chokha.