Mlandu wa Mayi Wojomba Kumaliro

M'mudzi wina umene sitiutchula dzina, poti eni akefe timawerenganso nyuzipepala, munali Komiti Yaikulu Yothana ndi Mchitidwe Wozembetsa Anthu. Wapampando wake anali a Mphadzula, amene kumaphunziro a kuboma anabwerako ndi tisheti, chipewa, ndi udindo wa Diso Losaphethira la Mudzi.

Kumaphunziroko anawaonetsa chithunzi cha galimoto ya magalasi akuda. Choncho Loweruka lililonse komiti inkakhala m'mbali mwa msewu kudikira galimotoyo. Inagwirapo ambulansi.

Dzuwa likawawa, ankakapumira kunyumba yosungira okalamba ya Mayi Nankhoma, kumene ambirife tinakatula makolo athu. Kumeneko kunali mipando ya khushoni ndiponso Velentina, mayi wochokera kutali amene ankasambitsa nkhalamba, kuchapa zofunda zamikodzo, kenako n'kuthirira komiti tiyi atagwada.

"Ulemu ndi umenewu," ankatero a Mphadzula. "Sayenda, sayankhula, foni alibe. Akazi a m'mudzi muno atengerepo phunziro."

"Ndi mwana wanga ameneyu," ankatero Mayi Nankhoma, amene ankamuyankhira mafunso onse. Dzanja lotupa la Velentina komiti inkaliona pokhapokha likachedwetsa shuga.

Koma mudzi wathu umakhululuka zonse kupatula kujomba kumaliro. Anthu atazindikira kuti chibwerereni Velentina sanakhalepo m'siwa, ngakhale kutungirako adzukulu madzi, mkwiyo unabuka. Komiti yomweyo, poti ndiyo inali ndi matisheti, inatumidwa kukamuzenga mlandu. Inapeza Mayi Nankhoma atapita kumsika, geti atakhoma, motero mlandu unazengedwera pampata wa geti.

"Iwe, ukadzafa udzadziika wekha?" anafunsa a Mphadzula.

"Bambo, ndituluke bwanji? Kiyi amayenda naye. Chiphaso changa anandilanda tsiku lofika. Kwathu anandiuza kuti ndikukagulitsa m'sitolo, koma malipiro sindinawaonepo." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Ngakhale maliro a amayi anga sindinapite."

"Nanga osanena bwanji? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Munkamwa tiyi, bambo."

Komiti inayang'anana. Mlembi ananong'ona kuti, "Koma galimoto ya magalasi akuda ija?"

"Ndinabwera pakabaza," anatero Velentina.

Kunena chilungamo, tsiku limenelo mudzi unachita chamuna. Loko anaphwanya, apolisi anabwera kudzatenga Mayi Nankhoma, amayi a mvano anaperekeza Velentina kuchipatala n'kumugoneka kwawo. A Mphadzula anajambulitsa ataima pageti, chipewa atachipendeketsa.

M'mawa mwake nkhalamba zinafuna kusamba. Bambo awo a Mphadzula anali atadziipitsira pamphasa. Komiti yonse inaima pakhomo, aliyense akupatsa mnzake ulemu woti ayambe kulowa. Beseni linakhala pakati pawo ngati mlendo wosadziwika. Mpaka dzuwa kufika pamutu, palibe anagonja pampikisano wa ulemuwo.

Apo a Mphadzula anathamangira kusiteji, n'kupeza Velentina akukwera minibasi yopita kwawo. Anavula chipewa, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, muyende bwino, mutikhululukire. Kungoti... kumudziko mulibe mng'ono wanu wofuna ntchito ya m'sitolo?"