Mjigo Umene Unapita Kutauni

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa pofuna kusunga ulemu wa anthu osamba mwa apo ndi apo, munali mjigo umene unamwalira kalekale koma osaikidwa m'manda.

Mayi Esinati Kalimbuka, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoyang'anira Mjigo Wosatulutsa Madzi, anali atatha zidendene ndi maulendo a ku boma. Ankangofuna munthu mmodzi wa sipanala basi. Kuofesi ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, n'kuwatsimikizira kuti nkhani yawo ili m'manja abwino. Manjawo analidi abwino, osalala, osadziwa girizi. Uku amayi ankatunga kudambo molandizana ndi ng'ombe, ndipo ana ankatsekula m'mimba mosinthanasinthana.

Tsono m'mudzimo munali mwambo wakuti pamjigo malo amasunga ndi chidebe. Tsiku limene mjigo unatsamwa mzere unali wautali, ndipo panalibe mayi wofuna kutaya malo ake. Aliyense anasiyapo chidebe chakutha, naikamo mwala kuti chisauluke ndi mphepo. Mvula inagwa, dzuwa linawomba, mzere uli chiimire. Mayi wina pomwalira anachita kusiyira mwana wake malowo ngati chuma chamasiye.

Kenako kunafika chilole cha kunyumba yosungira zinthu zakale ya m'chigawocho, chitasenza chionetsero cha zaluso zamakono choyendera midzi. Anthu anakhamukira kubwalo la sukulu atavala za kutchalitchi, akuyembekezera zithunzi za njovu. Anakapeza mpando wa miyendo itatu wotchedwa "Ulamuliro," ndi njinga yopanda matayala yotchedwa "Ulendo wa Fuko." Anawombabe m'manja, pajatu mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mayi Kalimbuka sanataye nthawi ndi zalusozo, iwo maso anali pa alendo. Mkulu wa chionetserocho, Dokotala Lameki Chipungu, ankaima pa chinthu chilichonse chothyoka, manja kumbuyo, akugwedeza mutu mwachifundo. Chibadwire mayiwo anali asanaonepo munthu wagalimoto akuyang'ana chinthu chowonongeka nthawi yaitali chotero, ndipo mtima wawo unadumpha.

"Bwana," anatero atanjuta, "ngati mumakonda zakufa, ifetu tili nacho choposa izi."

Dokotala atafika pamjigo anaima, manja kumbuyo. Anayang'ana chitsulo chadzimbiri chija, nayang'ana mzere wa zidebe wokhotakhota mpaka kukalowa m'chimanga. Anavula magalasi, napukuta msozi.

"Mayi, mmisiri wake ndani?"

"Tonsefe, bwana, mothandizidwa ndi boma."

"Zakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Mwana amene anabadwa tsiku limene unafa pano akutha kulemba dzina lake."

"Ayi, ichi sichingakhale chonchi," anatero Dokotala. "Ndibwera ndi akatswiri."

Mayi Kalimbuka anakalowa m'nyumba akuvina. Kunena zoona, ngakhale pa tsiku la ukwati wawo sanasangalale chotero.

Akatswiri anabweradi, masipanala ali m'manja, ndipo nthungululu zinamveka mpaka tsidya. Anamasula mjigo mosamala ngati azamba, naukweza m'lole. Anakwezanso zidebe, chimodzichimodzi motsata mzere, ndi miyala yomwe. Pachitsime anamatapo simenti kuti ana asagweremo. Wapampando anakhazika anthu mtima pansi, amvekere wodwala weniweni amachita kumutengera kuchipatala chachikulu.

Mjigo uja, tsopano uli chimodzi mwa zaluso za chionetsero chija, unayendera maboma amene eni ake sanawapondepo. Utafika mumzinda, Mlendo Wolemekezeka Kwambiri amene ankatsekulira chionetserocho anakana kujambulitsa pamjigo wouma, ati anthu angaganize zina. Dzuwa lisanafike paliwombo, zipangizo zimene zinkasowa dziko lonse zinali zitapezeka. Analumikiza paipi kumpopi wa kuseri kwa holo, Wolemekezeka anapinda malaya, anapopa, madzi khwaa! Makamera anaphethira.

Mbiriyo itafika kumudzi, Mayi Kalimbuka anamanga chitenje m'chiuno, ulendo wa ku boma. Ulendo uno mpando anaukana.

"Bambo, poyamba tinali ndi mjigo wopanda madzi. Pano tilibe madzi, tilibe mjigo, tilibenso zidebe!"

Kalaliki anamwetulira mwaulemu, natambasula nyuzipepala pa desiki. Patsamba loyamba panali Wolemekezeka akupopa, mano onse pamtunda, ndipo pansi pake panalembedwa kuti mudzi wakutiwakuti watsanzikana ndi ludzu.

"Mjigo uwu si wanu, mayi?"

"Ndi wathu."

"Nanga chidebe chofiira chimene chikusefukirachi?"

Mayi Kalimbuka anayang'anitsitsa. "Ndi changa."

"Ndiye mukudandaulanji, mayi? Madzi akutuluka, woyamba kutunga ndinu. Kazipitani mukathokoze Mulungu. Ife pano tikuthandiza midzi imene ilibe madzi."