Tsiku Limene a Zengerezu Adakwawira Mwezi

Khalani phee, ana inu, pakuti mwambi umene amayi anu amakudzudzulani nawo mukamachedwa kunyamuka uli ndi chiyambi chake, ndipo chidali chotere.

Ku Mitundu kudali bambo wina dzina lake Elifazi Mkwapatira, munthu woopa Mulungu, wosamwa ndi wosatukwana, amene ntchito yake idali yoyeza mtedza pamalo ena ogulira mbewu. Thumba likakolekedwa pa sikelo, iwo ankaima manja kumbuyo kudikira kuti muvi uleke kunjenjemera, ndipo ukaleka ankadikirabe pang'ono, kuopa kuti mwina ukungopuma. Alimi ankafika m'mawa n'kubwerera dzuwa litapendeka, ndipo ndiwo adawapatsa dzina loti a Zengerezu. Tsoka lidali lakuti khalidwe la pa sikelo adapita nalo kunyumba. Nkhani iliyonse yofuna inde kapena ayi ankaikoleka mumtima n'kumadikira muvi.

Bambowa ndi akazi awo, Nachisale, adali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Sungeni, amene adamulandira atapemphera zaka zambiri. Nthawi imeneyo n'kuti mwanayo atangoyamba kuthamanga ndi kulumikiza mawu awiriawiri. Chimene ankachikonda koposa zonse chidali mwezi. Ukangosuzumira kuseri kwa mitengo ya bulugamu, iye ankatambasula timanja take n'kumati, "Ababa, nipatse."

Tsiku lina wailesi idalengeza kuti ku Lilongwe kwafika nyumba yoonetsera zakuthambo, imene ophunzira amati myuziyamu, yoyenda nayo pa malole kuchoka dziko lina kunka dziko lina. Adaiyala m'holo ina yaikulu. M'menemo mudali chovala cha anthu opita kumwezi, mwala umene udagwa kuchokera kumwamba, ndiponso chihema chachikulu chakuda, choimikidwa ndi mpweya wochokera m'makina. Munthu akalowa m'chihemamo ankaona nyenyezi masanasana, ndipo mwezi unkatsika mpaka pafupi ndi mphuno. Adati zonsezi zikhala nyengo yachisanu yokha, kenako zipitirira ulendo.

Atamva zimenezi, a Elifazi adachita chinthu chimene adali asanachitepo chibadwire: adalankhula muvi usanaime. Adanyamula mwana wawo nati, "Sungeni, mwezi uja ndikakuonetsa pafupi. Ukaukhudza ndi dzanja lako."

"Mwalonjezatu, bambo a Sungeni," adatero Nachisale. "Mwana amaiwala mkwapulo, koma lonjezo saiwala."

Kutacha, mtima wa a Elifazi udayamba kunjenjemera ngati muvi uja.

"Mayi a Sungeni, kodi n'chanzeru kupita naye mwana wamng'ono chonchi kumalo oterowo? Akaona, akamvetsa? Akamvetsa, adzakumbukira? Nanga akakalira mumdima, anthu a m'tauni n'kumati a ku Mitundu afika?"

"Tiyeni Loweruka lino, tikaonere komweko."

"Thumba sitilemba lisanayezedwe," adayankha motero amuna awo.

Adayamba ndi alamu awo, a Yotamu, mlongo wa Nachisale, amene adali atapitako kale ndi kamwana kawo kakamuna.

"Alamu, musayerekeze," adatero a Yotamu. "Wanga uja, atangozimitsa magetsi, adakuwa ngati mbuzi yogwera m'chitsime, kenako adandinyowetsa buluku lonse. Ine nyenyezi sindidaione ndi imodzi yomwe."

A Elifazi adapumira m'mwamba, poganiza kuti nkhani yatha. Koma akazi a a Yotamu adaseka ali pakhomo. "Muwauzenso zinazo. Chibwerereni kumeneko mwanayu amavala poto kumutu, ati akupita kumwezi, ndipo tsiku lililonse amalirira kubwererako."

Mwana mmodzi yemweyo adakokera muvi uku n'kuukokeranso uko. A Elifazi adabwerera kwawo mutu uli pansi.

Lamulungu, mapemphero atatha, adafikira a Gwaza, mkulu wa mpingo, nawafotokozera zonse.

"Pitani naye," adatero a Gwaza. "Kuyang'ana ntchito za manja a Mlengi n'kupembedza komwe."

"Zoona, akulu. Koma ndikukumbukira anthu akale aja amene adamanga nsanja yofuna kukafika kumwamba. Sizidawathere bwino."

"A Mkwapatira, inu simukukamanga nsanja. Mukukakwera minibasi."

A Elifazi adathokoza mwaulemu, koma m'njira adaganiza kuti mkuluyo wayankha msanga kwambiri, ndipo yankho losayezedwa silingadaliridwe.

Poona kuti anthu sakuwathandiza, adaganiza zomuyeza mwanayo. Pofuna kudziwa ngati angapirire mdima, adaphimba tebulo ndi bulangeti masana n'kumulowetsa kunsi kwake. Ulendo woyamba Sungeni adaseka. Tsiku lina atabwereza, adalira. Atabwerezanso, adagona tulo. Pofuna kudziwa ngati amasunga zimene waona, adapita naye kukaona thirakitala imene inkakonza msewu, ndipo patapita masiku adamufunsa kuti, "Sungeni, tsiku lija tidaona chiyani?"

"Mwezi," adatero mwanayo.

"Ayi, chinthu chachikulu chija, cholira kuti gudugudu."

"Mwezi."

"Waona, mayi a Sungeni? Mwanayu sasunga kanthu m'mutu. Tikangovutika chabe."

"Wasunga chimodzi," adatero Nachisale, "ndipo n'chimene inu mukufuna kuti aiwale. Ngati zakukanikani, ndipite naye ndine."

"Ayi. Lonjezo ndi langa, ndipo ndidzalikwaniritsa ndekha ndikatsimikiza."

M'mawa uliwonse Sungeni ankatenga tinsapato take n'kukatiika pamapazi pa bambo ake. "Ababa, mwezi." Iwo ankamusisita kumutu nati, "Mawa, mwanangu." Chisanu chidayamba kuchepa, mphepo ya fumbi idayamba kuomba, ndipo mawa adali mawabe. Usiku a Elifazi ankapemphera kuti apatsidwe chizindikiro, koma chikabwera ankapemphanso china chotsimikizira choyambacho.

Kenako lidafika tsiku limene tinsapato sitidabwere. Madzulo ake mwezi udatuluka wathunthu, woyera ngati ufa. Bambowo adati, "Sungeni, taona uko." Mwanayo adauyang'ana, koma timanja sadatambasule. Adatembenukira kwa mayi ake n'kunena mawu awiri amene palibe adamuphunzitsa: "Ababa anama."

Ana inu, munthu angathe kupirira kunyozedwa ndi mudzi wonse, koma osati mawu amenewo kuchokera m'kamwa mwa mwana amene adamupempha kwa Mulungu ndi misozi. A Elifazi sadadye. Ndipo wailesi idanena kuti Loweruka likudzalo ndilo tsiku lotsiriza.

Lowerukalo adavala buluku lawo loyera, limene ankavala pa Mgonero pokha, ndi jekete lakuda. Adafika pa siteji m'mawa ndithu, iwo, Nachisale ndi mwana kumsana. Minibasi yoyamba adaikana chifukwa idadzaza kwambiri. Yachiwiri adaikana chifukwa idalibe anthu, ndiye ichedwa kunyamuka. Yachitatu adaizungulira n'kupeza kuti tayala lina silikuwasangalatsa. Nachisale adangokwera yotsatira, ndipo amuna ake adalowa pambuyo pake akudandaula.

Pamene ankafika paholo paja, dzuwa lidali litapendeka. Pakhomo padaima lole, ndipo amuna ankakwezamo mabokosi. Awiri adatuluka atanyamula chovala cha kumwezi chija chogoneka, wina kumutu wina kumiyendo, ngati maliro. A Elifazi adavula chipewa osadziwa.

M'katimo mudali mbee. Chidatsala ndi chihema chakuda chija chokha, chitaima pakati ngati chulu chachikulu, makina ake akulirabe. Polowera pake padali ngati kanjira kansalu, kotalika mokwanira munthu wamkulu kudutsa ali chiimire. Mayi wina woyang'anira malowo adawaona, nayang'ana mwanayo, amene tsopano adali atatsika kumsana n'kugwira chala cha bambo ake.

"Bambo, tatseka," adatero mayiyo. "Koma chihema sitinaphwetse. Chifukwa cha kamwanaka, lowani pompano, ndikuyatsireni mwezi kamphindi."

Chisomo chimabwera chotero, ana inu, pa nthawi imene munthu sakuchiyenera. Chimangofuna kuti upondepo phazi.

"Zikomo kwambiri, mayi," adatero a Elifazi. "Koma poti inu mwaona ana ambiri, mundithandize. Wa msinkhu uwu zimamupindulira?"

"Ena amalira, ena amaseka. Lowani, bambo."

"Nanga olira ndi oseka, ochuluka ndi ati?"

"Bambo a Sungeni," adatero Nachisale ndi mawu otsika, "lowani."

"Ndikulowa. Ndingofuna kudziwanso ngati mdima wake umabwera kamodzin'kamodzi kapena pang'onopang'ono, chifukwa pamene ndidamuyeza kunsi kwa tebulo..."

Ali m'kati molankhula, amuna onyamula katundu aja, amene sadamve za chisomocho, adazula nthambo zamagetsi kukhoma n'kuyamba kuzikulunga. Makina adakhosomola, nakhala chete. Chihema chidapuma mpweya wautali n'kuyamba kugwada pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodwala.

Koma Sungeni adali atamva mayi uja akutchula mwezi. Adataya chala cha bambo ake, nathamangira m'kanjira kaja, kamene tsopano kadali katatsika mpaka m'chiuno mwa munthu. Mdima udamumeza.

"Mwana wanga!" adakuwa Nachisale.

"Nsaluyo ndi yolemera, ikamugwera imutsamwitsa," adatero mayi woyang'anira uja, akuthamangira kwa amuna a nthambo aja. Koma makinawo n'kuti ali kale pamapewa, kunka ku lole.

Apa a Elifazi sadafunse munthu. Khomo limene akadalowa ali chiimire, chipewa chili kumutu, lidali litafika m'mawondo. Adagwada ndi buluku la pa Mgonero pa simenti yafumbi, nalowetsa mutu, nayamba kukwawa. Nsalu idawagona pamsana, yolemera ndi yonunkha mphira. Adakwawa akuitana dzina la mwana wawo ndi dzina la Mulungu mosinthanasinthana.

Adamupeza pakati penipeni, pamene padatsala kampata kochepa. Mwanayo adali atakhala pansi mwaulemu, miyendo atatambasula, nkhope itapenya kumwamba, akudikira.

"Ababa, mwezi uli kuti?"

Bambowo adayang'ana kumwamba. Kudalibe mwezi, kudalibe nyenyezi, koma nsalu yakuda imene inkatsikirabe. Adapisa m'thumba, natulutsa foni, nayatsa tochi yake, naloza pansaluyo. Padaoneka kuwala kozungulira, kofanana ndi mbale yaing'ono.

"Uwo, mwanangu," adatero. "Ukhudze."

Sungeni adayang'ana kuwalako. Kenako adatsata ndi maso mpaka kudzanja la bambo ake.

"Foni iyo," adatero.

A Elifazi adamuika kunsi kwa chifuwa chawo monga nkhuku ichitira ndi mwanapiye, nayamba kufuna khomo. Koma chihema chozungulira chilibe ngodya yoti munthu n'kuikumbukira. Amene adali kunja adangoona chinthu chotukuka chikuyendayenda kunsi kwa nsalu ngati mfuko m'munda wa mbatata, chikupita uku, chikubwerera uko.

"Kumanzere, bambo," adatero mmodzi wa onyamula katundu.

"Kumanzere kwa yani?" adafunsa mawu ochokera m'nsalumo.

"Musawapatse mbali ziwiri," adatero Nachisale, "tigona pano." Adagwada pakhomo, nakweza nsalu ndi manja, naitana mwana wake. Mwanayo ndiye adatsata mawu a mayi ake, bambo n'kumatsata mwana.

Adatuluka Sungeni ali bwinobwino. Pambuyo pake padatuluka a Elifazi, akadali chokwawa, mawondo a buluku atabooka, jekete litayera ndi fumbi, chipewa chitatsala m'katimo. Amuna aja adayesetsa kudzigwira, koma mmodzi adaphulika, ndipo onse adatsatira. Adapinda chihemacho a Elifazi akuona, nachikweza pa lole pamodzi ndi chipewa chawo, ndipo loleyo idanyamuka kunka kudziko lina.

Pobwerera, mwezi udatuluka pawindo la minibasi, uli kutali monga udakhalira chilengedwere. A Elifazi sadayerekeze kuuloza. Mwanayo adagona pamiyendo pa mayi ake, nkhope atatembenuzira kwina.

M'mawa mwake a Yotamu adabwera kudzamva za ulendo. Adamunyamula Sungeni nati, "Tandiuza, iwe, ku Lilongwe udakaona chiyani?"

"Ababa akwawa," adatero mwanayo. Adatsika, nagwada, nayamba kukwawa kuzungulira bwalo lonse, akuitana dzina lake lomwe ndi mawu onjenjemera.

A Elifazi adali pakhonde akupaka mankhwala m'mawondo. Apo m'pamene adapeza yankho la funso limene lidawasautsa nyengo yonse yachisanu: mwana wa msinkhu umenewo amaona, amamvetsa, ndipo amakumbukira. Sungeni adakula, adakwatiwa, ndipo nkhani ya tsiku limenelo amaisimba mpaka lero.

"Koma alamu, zidatheka bwanji?" adafunsa a Yotamu. "Ife tidalowa tili chiimire."

Adayankha ndi Nachisale, maso ali pa buluku limene ankalisoka zigamba. "Khomo adawatsekulira, achimwene, ndipo lidali lalitali kuposa iwo. Koma ankadikira kuti muvi uime."

A Yotamu adapukusa mutu, nanena mawu amene pofika tsiku la msika adali atafika kwa mlimi aliyense amene adaimapo pa mzere wa sikelo ija, ndipo kuchokera kwa iwo adafika kwa amayi anu:

"Zengerezu adalinda kwawukwawu."