Chibuku Cholemera cha Tadala

Lolemba

Tadala, mnzanga wa chipinda chimodzi, wayitanidwa ku intavyu! Lamulungu likubwerali (kuno ndi tsiku la ntchito), kukampani yoyeza anthu matenda. Kampaniyo ikufuna wodziwa sitatisitikisi. Poti malamulo a ntchito asintha, abwana a hotelo yathu sangamutsekerenso njira. Munthu ankaphunzitsa masamu kusekondale ku Dedza, lero kuno kudziko la eni akupinda matawulo ndi ine amene masamu anandithawa ndili Fomu 2. Zimandiwawa, kunena zoona.

Akuti masamu ali nawo, koma sitatisitikisi anangoinunkhiza ku koleji, ndiye pakufunika buku loyambira. Shifiti yake ikutha masitolo atatseka. Ndati usadandaule, ndikusankhira ine. Akundiyang'ana ali pabedi lake lam'mwamba.

Lachiwiri

Sitolo ya mabuku, kudera la Bin Mahmoud. Pakhomo: masiki, foni ionetse zobiriwira zoti ulibe kolona, kundiyeza kutentha pachipumi. Mkati mabuku onse akutidwa pulasitiki chifukwa cha kolona. Kutsegula ayi! Nsalu ungasankhe osaitambasula?

Wogulitsa akufunsa ngati mnzangayo amadziwa kalikulasi. Ndati amadziwa zonse. Akundipatsa kabuku kowonda ngati ka nyimbo zakwaya, pachikuto popanda n'chithunzi chomwe. Wandiona wovutika eti? Tadala wathu, mutu wonse uja, awerenge kameneka? Ndakabweza.

Lachitatu

Ndikufunsa anthu.

A Tembo a ku Chipata, oyendetsa basi yathu yakuntchito: "Mlongo, book yabwino ni ija ya heavy. Yalla, tiyeni, kwelani, time yasila."

Mlendo wina wapakwarantini, akuti ndi injiniya. Ndikusiya chakudya pakhomo pake, ndikufunsa chitseko chili chotseka. Akuti munthu wa masamu amafuna buku laling'ono losonyeza kumene fomyula iliyonse yachokera. Kenako chifuwa. Ndathawa.

Amayi pafoni: "Bola lalikulu, mwanawe, aone kuti unamuganizira."

Awiri kwa mmodzi. Sitatisitikisi yake si imeneyi?

Lachinayi

Ndagula! Chibuku cholemera ngati njerwa, pachikuto anthu akuseka. Musitima ya metro ndachinyamula pachifuwa ngati khanda. Kuchipinda ndang'amba pulasitiki, ndachipukuta ndi sanitaiza, ndachigoneka pabedi la Tadala. Mkati zithunzi zamitundumitundu: ma keke odulidwa, timipira m'thumba, kagalu kovala magalasi. Ngakhale ine ndikumvako pena. Mtima uli m'malo.

Lachisanu

Tonse tili pa ofu. Tadala akuwerenga, pensulo yasomekedwa m'tsitsi. Masamba akungouluka.

"Mutu woyamba, avereji. Mutu wachiwiri, avereji yomweyo itavala jekete."

Akuseka, koma patsogolo nkhope yasintha. "Bukuli likungondiuza kuti ndikhulupirire. Ine ndikufuna ndione chifukwa chake."

Watenga timapepala takale ta ku londire, kochapira zovala kuhotelo, akulemba kuseri kwake. Akuyambira pamwamba ndi zilembo zoti sindinazionepo, akutsika, akutsika, pansi yatuluka fomyula yomwe ili m'buku ija, ndendende! Ine kukamwa yasa. Miyezi yonseyi ndimagona pansi pa munthu wotere, n'kumamukalipira za sopo.

Ndamuuza za kabuku kowonda kaja ngati nthabwala. Maso ake awala. "Kopanda zithunzi? Iwe, kali kuti?"

Ndafa ine.

Loweruka

Ndathamangira kusitolo. Chibuku sangalandire, pulasitiki ndinang'amba ndekha. Kabuku kowonda kanagulidwa dzana. Kena? "Inshallah mwezi wamawa." Intavyu ndi mawa! Ndayima panja padzuwa, masiki yanyowa ndi thukuta ndi zina. Tadala akalephera, ndamulepheretsa ndine ndi kudziwadziwa kwangaku.

Kuchipinda timapepala tili mbwee, mpaka pabedi langa. Wafika tsamba lomaliza.

"Usalire iwe. Landiuza mayina a zinthu. Zotsalazo ndadzipangira."

Wadzipangira! Ngati akunena za mandasi.

Lamulungu

Wapita atavala bulauzi yanga yoyera. Tsiku lonse matawulo ndikupinda mokhota.

Wabwera. Amutenga! Akuti anamufunsa kuti anaphunzira ndi buku liti, iye n'kuyankha kuti lomwe anamusankhira mnzake. Ndaimba nthungululu mpaka achipinda china agogoda. Kenako wandiuza kuti kumapeto kwa mwezi akusamukira ku Madinat Khalifa, kufupi ndi ntchito. Nthungululu yathera pakhosi. Ndasangalala, koma mtima ukuwawa, zonse pamodzi.

Chibuku akundisiyira.

"Ili unadzisankhira wekha, mnzanga. Yamba mutu woyamba. Lachisanu lililonse ndizibwera kudzakufunsa."

Basi, ndagonja. Ndatsegula tsamba loyamba. Avereji. Kagalu ka magalasi kakundiyang'ana. Bedi lam'mwambalo sindikuliyang'ana dala.