Keto Inandiitanira Ankhoswe

Mpaka lero ndikamva mawu oti keto ndimangousa moyo. Zinanditopetsa, abale.

Anandiyambitsa kadyedwe kameneka ndi a Mussa, mnzanga wa kuntchito ku Chirunga. Anati ndisiye nsima, mpunga, buledi, shuga ndi mbatata, ndizidya nyama, mazira, mapeyala ndi masamba basi, mimba iphwa yokha. Mimba inaphwadi, sindinama. Koma mutu unkangowawa, m'kamwa munkanunkha, ndipo kuchimbudzi ndinkapitako mwa apo ndi apo ngati mlendo (zambiri musandifunse). Mazira nawo anandikola.

Mkazi wanga, Nachisale, anandichenjeza kuti anthu ayamba kulankhula. Ine ndi matama anga ndinati alankhule.

Loweruka lina ndinati ndikwere phiri wapansi mpaka ku Mulunguzi. Ndisanafike n'komwe, m'maso munada, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, dzanja lili pa buluku kuti lisavuke. Mayi wina wakumudzi kwathu, amene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni, anandizindikira.

"Kodi si bambo a Chisomo inu? Mwathatu! Kunyumba mukudya koma?"

"Nsima ndiye papita miyezi ndisanailawe, mayi," ndinayankha ndi chizungulire changacho (pakamwa panga, pakamwa panga).

Sabata isanathe, ankhoswe a mbali zonse anali pakhonde pathu ku Masongola. Amalume anga anayamba: "Tamva kuti mwana wathu akumanidwa chakudya m'nyumba muno." Nachisale, mkazi amene sanandigonekepo ndi njala, anangoweramitsa mutu misozi ili chuchuchu. Zinandiwawa kwambiri.

Ndinayesa kufotokoza za mafuta ndi shuga wa m'thupi. Amalume anandidula. "Usamuikire kumbuyo mkaziyu, iwe. Munthu wabwinobwino angakane nsima yekha?"

Kuti ndimuyeretse, ndinapempha Nachisale aphike, aone okha kuti m'nyumba muno timadya. Ndinati ndingolawa pang'ono. Koma dzanja litangokhudza mtanda woyamba, ulemu wonse unathawa. Ndinadya osadzutsa mutu, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinalowerera ndi mbale ya alendo.

"Mwaona?" anatero amalume, akuyang'ana ankhoswe anzawo. "Njala imeneyi si ya lero."

Atapita, Nachisale anatola mbale, n'kuima pakhomo. "Mukadzafunanso kuonda, bambo a Chisomo, mukaondere kwanu."

Kaya keto ndi yabwino kapena ayi, zimenezo mukafunse madokotala. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti mwamuna wapabanja akaonda, wozengedwa mlandu ndi mkazi wake.